Mbuzi za Ernesto Zoswana Pakamwa

Ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, ukafunsa kumene amakonza mafiriji, amene kuno timati majelera, ngakhale mayi wogulitsa makala amakulozera kwa Ernesto Chimbalanga. Ofisina yake, pamene ankagwirira ntchito, inali kakhonde ka malata kuseri kwa msika. Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Tete litayamba kuwotcha ngati lili ndi mlandu ndi anthu, pakhondepo pankadzaza majelera odwala, ena atagona chagada, ena atayasama zitseko. Ernesto ankangoika khutu pa jelera n'kudziwa nthenda yake asanamasule ndi bawuti imodzi yomwe. Anali munthu wa manja odalitsika, wansangala, wosadziwa kusunga mkwiyo. Chilema chake chinali chimodzi, ndipo ankachifunditsa bwino: sankalola kuti munthu aone kuti pali chinthu chimene iye sakuchidziwa.

Chilemachi chinali ndi pochokera. Ernesto anakulira ku Malawi, kumene makolo ake anathawira nthawi ya nkhondo, ndipo sukulu yochepa imene anaphunzira anaiphunzira m'Chichewa. Atabwerera kwawo, Chipwitikizi anachita kutolera m'misewu, chokwanira kugulira zitsulo za jelera ndi kukangana ndi wotolera ndalama m'shapa, minibasi ya kuno. Koma Chipwitikizi cha m'maofesi, chija amachiyankhula mothamanga anthu ovala mataye, chinkangomudutsa pamwamba pa mutu. Zikatero iye ankagwedeza mutu mwaulemu n'kumati "sim, sim," ngati munthu amene wamva zonse mpaka kuzikonda.

Mkazi wake, Balbina, anali wa ku Angónia, mayi wosachedwa kuyankha komanso wosaiwala kanthu. Ankagulitsa madzi ozizira ndi ayisi wa malambe pokwerera mashapa. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Dionísia, amene kuyambira ali wamng'ono ankamanga mabandeji a nsanza pa miyendo ya nkhuku n'kumati adzakhala namwino. Chifukwa cha iyeyu banjali linkasungitsa mbuzi khumi ndi ziwiri kwa Carlos, mkulu wake wa Ernesto, kumudzi kufupi ndi Zóbuè. Mbuzizo pakhomopo ankangozitchula kuti sukulu ya Dionísia, ndipo panalibe wololedwa kuzikhudza, ngakhale pa Khirisimasi.

Amene anabweretsa nkhani ya masheya anali Alufeyo, dalaivala wa thiraki wa ku Mwanza, amene ankadutsa mu Tete popita ku Beira. Tsiku lina anaima kuti akonzetse kajelera ka m'thiraki mwake, nakhala pa chidebe n'kumadya masau.

"Achimwene," anatero Alufeyo, "inu mumalowa m'nyumba za anthu tsiku ndi tsiku. Munaonapo munthu wa ku Tete kuno atalumbira kuti magetsi wasiya?"

"Ndi dzuwa limeneli? Angapse."

"Nanga foni?"

"Aa, munthu amagona ndi njala koma kuleditu yoimbira foni wagula," anayankha Ernesto akuseka.

"Ndiye mwadziyankha nokha. Ine ku Blantyre ndinagula masheya a kampani ya mafoni. Ndi kachidutswa chabe ka kampaniyo, koma ndi kanga. Mwamuna aliyense akaimbira mkazi wake kunama kuti wachedwa kuntchito, kenakake ka bodza limenelo kamagwera m'thumba mwanga. Tsono ndamva pa wailesi kuti kuno kampani yaikulu yopanga magetsi ikugulitsa masheya kwa anthu wamba. Ine sangandilole, ndine mlendo. Nanga inu eni dziko mukudikira chiyani?"

Mawu amenewa anam'lowa Ernesto mpaka m'mafupa. Anayang'ana majelera amene anam'zungulira, naganiza za mafani onse a mu Tete amene amazungulira osapuma, ndipo anaona kuti Alufeyo sanali kubwebweta. Ganizo lenilenilo linalibe cholakwika. Cholakwika chinali njira imene anadzera. Loweruka lotsatira anakwera shapa ya ku Zóbuè, nauza Carlos kuti agulitse mbuzi zonse.

"Mlamu wanga akudziwa?" anafunsa Carlos.

"Ndidzamuuza phindu likabwera. Ndikufuna adzadzidzimuke."

"Kudzidzimuka kokha adzadzidzimuka," anatero Carlos, koma mbuzi anagulitsa, poti zinali za mwini.

Ku banki kunali kozizira kuposa jelera iliyonse imene Ernesto anakonzapo. Mnyamata wa taye yofiira anam'khazika pampando wofewa, nayamba kufotokoza. Anafotokoza za akaunti imene anali kumutsegulira, za mtengo umene umakwera ndi kutsika, za phindu limene kampani imagawa, zonsezo m'Chipwitikizi chothamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Kumbuyo kunali mzere wa anthu ovala bwino, ndipo Ernesto, ndi malaya ake onunkha girisi, sanafune kuti amve kuti akupempha kubwerezeredwa. Anagwedeza mutu, nati "sim, sim," nasaina paliponse pamene chala cha mnyamatayo chinaloza. Anatuluka ndi mapepala awiri okha. Anawakulunga m'pulasitiki n'kuwabisa m'jelera yakufa imene inali kuseri kwa ofisina, imene mwini wake anaiiwala kalekale.

Miyezi yotsatira Ernesto ankayenda ngati wanona. Kale anali munthu wozimitsa magetsi m'chipinda munthu akadali momwemo, koma tsopano Balbina akafuna kuzimitsa fani, iye ankati, "Isiyeni izungulire, mayi a Dionísia, ikugwira ntchito yabwino." Akamawoloka mlatho n'kuona mawaya akuluakulu atalunjika kum'mwera, ankawayang'ana monga mlimi ayang'anira munda wake. Ngakhale makasitomala anaona kusintha, chifukwa ankawabwezera majelera awo ndi malangizo akuti asamawazimitse, zimawononga injini. Balbina anaganiza kuti mwamuna wake wayamba kukalamba bwino, ndipo anathokoza Mulungu.

Chimwemwecho chinathera m'shapa, tsiku lina masana. Bambo wina wa chikwama chachikopa, akuwerenga pa foni yake, analengeza kwa onse kuti mtengo wa masheya a magetsi aja watsika kuposa umene anthu anagulira. "Amene anaponya ndalama zawo kumeneko, zapita ndi Zambezi," anatero. Shapa yonse inaseka, ndipo amene anaseka mokweza kuposa onse anali Ernesto. Anakumbukira anthu ena amene zaka zapitazo anasonkhetsa anthu ndalama polonjeza kuzichulukitsa, kenako m'mawa wina pa ofesi yawo panapezeka loko. Mumtima mwake anagamula kuti nayenso am'dyera chimodzimodzi.

Kawiri konse anafika mpaka pakhomo la banki, ndipo kawiri konse anabwerera. Akanafunsa chiyani, ndipo m'chiyankhulo chiti? Ankachita kumuona mnyamata wa taye uja akunena pamaso pa anthu kuti, "Komatu senhor, zonsezi tinakufotokozerani." Kuchokera pamenepo ankalambalala msewu wa banki. Uthenga ukabwera pa foni, akangoona dzina la banki ankaufufuta asanawerenge, poopa kuti akum'lipiritsa zina. Alufeyo anali atasamutsidwa, akuyendetsa njira ya ku Dar es Salaam, ndipo akaimba foni kufunsa za masheya, Ernesto ankayankha mwamphamvu kuti ali bwino kwambiri.

Vuto la mbuzi n'lakuti zimaswana, ndipo Balbina, mwana wa alimi, ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

"Bambo a Dionísia, mbuzi zija zaswa zingati?" anafunsa tsiku lina akusenda chinangwa.

"Zisanu," anatero Ernesto, pakamwa patatsogola mutu.

Balbina anaomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo khola losaoneka lija linayamba kukula. Timbuzi tisanu tija tinakula n'kuyamba kuswa tokha, ndipo Ernesto akaiwala chiwerengero, mkazi wake ankamukumbutsa. Pofika chaka chachitatu zinali makumi atatu ndi imodzi, ndipo Balbina ankadziwa kuti yamawanga ndi imene imaswa mapasa. Ernesto ataona kuti ziwetozo zikum'pitirira, anaitanitsa fisi kuti am'chepetsereko. Fisiyo anadya zitatu. Balbina anamutukwana fisi ameneyo mwezi wathunthu, kenako anagula waya wa minga ndi ndalama zake za ayisi n'kutumiza kwa Carlos kuti alimbitse khola. Chaka chinacho Ernesto anayesa nthenda ya chifuwa, koma Balbina anagula mankhwala, mbuzi zonse n'kuchira.

Tsiku loopsa linali la ukwati wa mwana wa Carlos, pamene banja lonse linapita ku Zóbuè. Anthu asanayambe n'kuvina komwe, Balbina anati akufuna kuona sukulu ya mwana wake ndi maso. Carlos, thukuta lili kamukamu, anapita naye kumapeto kwa mudzi, naloza phiri limene mbuzi za mudzi wonse zinali kudya.

"Zoyerazo zonse n'zanu, mlamu. Zakudazo mwina theka."

Balbina anavina pa ukwati umenewo kuposa make wa mkwati. Pobwerera anagulira aliyense m'shapa nthochi. Ernesto anadya yake movutikira, pakuti munthu wabwino akamanama chakudya sichitsika bwino.

Mpaka apa bodzali linali loseketsa. Linasiya kuseketsa chaka chimene Dionísia anamaliza sekondale n'kukhoza mayeso olowera sukulu ya anamwino. Balbina anati nthawi yogulitsa mbuzi yakwana. Ernesto anati mitengo ya mbuzi yagwa kwambiri chaka chino, kugulitsa tsopano n'kutaya chuma, mwana adikire chaka chimodzi. Ananena motsimikiza, monga mutu wa banja, ndipo Dionísia, amene ankakhulupirira bambo ake kuposa wina aliyense, sanatsutse. Anapinda kalata yake yomuitana kusukulu, natenga chidebe cha madzi ozizira n'kukathandiza mayi ake pokwerera mashapa.

Chaka chimenecho chinamuwawa Ernesto koposa. Ankamuona mwana wake chapatali, chidebe pamutu, akuthamangira mawindo a mashapa dzuwa lili pamutu, mapazi atatuwa ndi fumbi. Anayamba kugwira ntchito ndi Lamulungu lomwe kuti abwezeretse mbuzi mwakachetechete, koma zimene ankapeza zinkathera pa ufa, lendi ndi magetsi omwewo. Tsiku lililonse ankati mawa ndiulula, ndipo mawa likafika ankaona nkhope ya mwana wake n'kumeza mawu.

Chaka chitatha Dionísia analembanso mayeso aja, nakhozanso. Matirikula, kulembetsa dzina ndi kulipira koyamba, ankatseka Lachisanu. Lolemba m'mawa Ernesto atadzuka anapeza Balbina atavala kapulana, chitenje chake chatsopano, chikwama chili m'khwapa.

"Lero tikupita tonse ku Zóbuè," anatero. "Ndapangana ndi wogula mbuzi wa galimoto yake, akutidikira ku mlatho. Chaka chino mtengo ugwe usagwe, mwana wanga akulowa sukulu."

Apa madzi anafika m'khosi. Ernesto anati adzere kaye ku ofisina, ndipo Balbina ndi Dionísia anam'tsatira. Anapita kuseri, natsegula jelera yakufa ija, natulutsa kapulasitiki kodzaza fumbi. 

"Mayi a Dionísia, mbuzi zanu ndi izi."

"Mwati chiyani?"

"Ndinagulitsa zonse, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinagula masheya a magetsi. Kenako ndinamva kuti agwa. Ku Zóbuè kulibe mbuzi yathu ndi imodzi yomwe. Sukulu ya mwana ndinataya ndine."

Balbina analandira kapulasitikiko n'kukamasula. Anakhala pa chidebe, nayang'ana mapepala, nayang'ana mwana wake, amene misozi inali italengeza m'maso. Kenako anafunsa ndi mawu otsika kwambiri.

"A ku banki anati chiyani?"

"Sindinapiteko."

"Ndiye anakuuzani ndani kuti ndalama zatha?"

"Bambo wina m'shapa."

"M'shapa! Dzina lake ndani?"

Ataona kuti dzinalo palibe, Balbina anaimirira.

"Zaka zisanu ndi chimodzi, bambo a Dionísia, osafunsa? Munthu wakufa amene timapita kukamuona nkhope tisanalire. Inu mwalira maliro a m'shapa. Tsekani ofisinayi, tiyeni."

Anaimbira foni wogula mbuzi uja kuti asadikire, ndipo atatuwo anakwera shapa yowolokera m'tauni. 

Ku banki Balbina sanachite mantha ndi kuzizira kapena mataye. Nthawi yawo itakwana anaika mapepala patebulo n'kuyamba kufotokoza m'Chinyanja chake cha ku Angónia, mokweza ngati akuitanira madzi. Ernesto anafuna kulowa pansi pa mpando. Koma mayi amene anali patebulopo, dona Isaura malinga ndi kachikwangwani ka pachifuwa pake, anamwetulira n'kuvula magalasi.

"Muli tani, mãe? Lankhulani momwemo, ndikumva. Ine ndine Mnyungwe, koma amuna anga ndi a ku Tsangano." Anatembenukira kwa Ernesto. "Pai, ndipatseni bilyete lanu, chitupa chija."

Anagogoda pa kompyuta kanthawi, nakweza nsidze.

"Senhor Ernesto, mwakhala kuti? Masheya anu onse alipo, palibe lachoka ndi limodzi lomwe."

"Koma anati mtengo unagwa," anatero Ernesto ndi mawu osamveka bwino.

"Unatsikadi, kenako unakwerako, unatsikanso. Panopa uli pafupi ndi pamene munagulira. Inu munawetapo mbuzi?"

Balbina anatsokomola mwamphamvu.

"Mu Janeiro aliyense akamagulitsa mbuzi kuti alipire sukulu, mtengo umagwa," anapitiriza dona Isaura. "Koma yanu ikakhala m'khola simunaluze kanthu, mumaluza mukaigulitsa tsiku loipalo. Apanso n'chimodzimodzi. Ndipo kampani ikapindula imagawako phindu kwa eni masheya, timati dividendu. Yanu yakhala ikulowa mu akaunti chaka ndi chaka. Mauthenga tinkakutumizirani pa foni."

"Ankafufuta," anatero Dionísia, amene tsopano anali atamvetsa chifukwa chake bambo ake ankakwiyira foni.

Dona Isaura analemba nambala pa kapepala n'kukankhira kwa iwo. Anawauza mosabisa kuti banki inali itadulapo zake zosungira akaunti, kuti zaka zina phindu limachepa ndipo likhoza osabwera n'komwe, ndi kuti masheya si munda wopanda chilala. Sichinali chuma chogulira galimoto. Koma Dionísia atawerenga nambalayo anagwira pakamwa, chifukwa inali yokwanira matirikula, yunifolomu ndi miyezi yoyambirira ya sukulu, popanda kugulitsa sheya ndi limodzi lomwe.

Ernesto anaseka, kenako analira, kenako anachita zonse ziwiri pamodzi, bambo wamkulu wa imvi, pamaso pa mzere wonse wa anthu ovala bwino amene ankawaopa aja. Palibe anamuseka. Mlonda wa pakhomo anam'bweretsera madzi.

Koma Balbina anali asanamalize.

"Dona Isaura, tandionereni. Chaka chatha, mwezi ngati uno, munali zingati?"

Mayiyo anayang'ana pa kompyuta, natchula nambala ina yocheperapo.

"Zikanakwana matirikula?" Balbina anafunsa mwana wake.

"Zikanakwana, mamã," anayankha Dionísia motsitsa mawu.

Balbina anatembenukira kwa mwamuna wake. Sanakweze mawu. "Mwamva? Mwana wapsa ndi dzuwa chaka chathunthu akugulitsa madzi, ndalama zake zili khale muno mozizira. Kugula masheyawa simunalakwe, mwina ndikanakana koma simunalakwe. Chimene mwatilakwira ndi kutseka pakamwa."



Atatuluka panja kutentha kunawalandira ngati m'bale, ndipo mtima wa Balbina, umene sunkatha kusunga zinthu ziwiri nthawi imodzi, unasankha chimwemwe. Anaimba nthungululu pakhonde la banki mpaka ogulitsa kuleditu anatembenuka. Anakumbatira mwana wake, namenya mwamuna wake paphewa ndi mapepala aja. Ali pakati pa mlatho pobwerera anadzidzimuka ngati wakumbukira mphika pamoto.

"Tadikirani. Ndiye fisi uja?"

"Kunalibe fisi."

"Mayo ine! Ndinatukwana nyama yosalakwa mwezi wathunthu! Nanga yamawanga ija yoswa mapasa?"

"Imeneyo munaiyambitsa ndinu, ine ndinangovomera."

Dionísia anaseka mpaka kutsamira mayi wina amene sankamudziwa, ndipo nkhaniyo itamveka, shapa yonse inaseka nawo. Balbina analonjeza pomwepo kuti Carlos adzabweza waya wa minga uja atausenza yekha pamutu kuchokera ku Zóbuè.

Matirikula analipira Lachitatu, masiku awiri asanatseke. Lamulungu lake anawotcha nyama n'kuitana oyandikana nawo, ndipo Ernesto mwiniyo ndi amene anafotokoza nkhani yonse, osasiyako ndi pamene pomuchititsa manyazi pomwe. Alufeyo ataimba foni, Balbina analanda foniyo n'kumufunsa mafunso a masheya a mafoni mpaka kuleditu ya munthu wosalakwayo inatha. Mapepala aja anawasamutsira m'chikwama cha Balbina, ndipo anagwirizana kuti uthenga uliwonse wa banki uziwerengedwa mokweza pakhomo, onse atatu alipo.

Tsiku loyamba la sukulu Ernesto anatseka ofisina n'kuperekeza mwana wake, atavala malaya a kutchalitchi. Dionísia anali mu yunifolomu yoyera mbee, ndipo bambo ake ankayenda pambali pake monyadira, akupatsa moni ndi anthu osawadziwa omwe. Pa geti mtsikana wina anathamanga n'kudzakumbatira Dionísia. Anali Yara, amene ankakhala naye desiki imodzi ku sekondale, ndipo nthawi zonse ankabwera pambuyo pa Dionísia pa mayeso.

"Wafika tsopano!" anatero Yara. "Ine ndili chaka chachiwiri, tayamba kale kupita kuchipatala. Usaope, kabayidwe ka jakisoni ndidzakuphunzitsa ndine."

Ernesto anamva mawu amenewo ngati jakisoniyo wabaya iyeyo. Yara atatsogola, anagwira mwana wake padzanja.

"Mwanawe, chaka chimene mnzakoyu wakupitirira nacho ndinakudyera ndine. Ndalama ndingabweze, koma chimenechi ndilibe pochitenga."

 Dionísia sananame kuti palibe kanthu.

"Munandidyeradi, papá, ndipo chinandiwawa. Koma ndakhululuka. Tsono ndisiyeni dzanja, mungandidyerenso ola loyamba."

Anaseka, napsompsona bambo ake patsaya, nathamangira m'kati. Ernesto anaima pa getipo mpaka yunifolomu yoyerayo inasowa pakati pa zinzake, mtima uli wodzaza ndi chimwemwe chimene pansi pake panali kachisoni kosachoka.

Iyeyu anachita mwayi, chifukwa anali ndi mkazi amene anam'koka mchira utsi usanam'tsirize, ngakhale kuti anatuluka atapsereza chaka cha mwana wake. Ambiri mwayi umenewo sakhala nawo. Amakhala phee m'dzenje la kusafunsa, khomo lili pululu, poopa kuti akatuluka anthu awaona. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.